Chitsulo Chokana Mphenzi

"Chizulidwe chitsulocho! Chandidyera mwamuna, mukudikira kuti chindidyerenso ana?"

Wokuwayo anali Saumu. Anaima pakhomo la nyumba yake, phazi lina mkati lina kunja, pakuti mkazi wamasiye satuluka m'nyumba dothi la pamanda a mwamuna wake lisanaume. Mawu ake okha ndiwo ankadumpha mpanda wa bango ndi kukagwa pabwalo la mkulu wake, Mwanahamisi, amene ankasenda chinangwa atazolika.

"Mng'ono wanga, lira mwamuna wako mwaulemu," anatero Mwanahamisi osadzutsa maso. "Mvula ndi ya Mulungu, mphenzi ndi ya Mulungu. Ine ndilowapo pati?"

"Mulowapo pa dimba, achemwali! Chaka chonsechi mwakhala mukukangana ndi mwamuna wanga Che Bwanausi za malire a dimba la mpunga. Lero kulibe wokangana naye. Mwakondwa?"

Pakhonde panakhala Waziri, mwana yekhayo wa Mwanahamisi, buku lalikulu la Chipwitikizi lili pamaondo. Tsamba limene analitsegula m'mawa ndi lomwelo limene ankaliyang'anabe dzuwa lili paliwombo. Ankafuna kuti akazi awiriwo aone kuti iye ali pa zinthu zakuya, zimene sizimulola kumva phokoso la pampanda. Koma chitsulo chimene ankakanganiranacho chinali chake.

M'dera lonse la nyanja ya Amaramba munalibe wina amene anafika pamene anafika Waziri. Anadutsa m'manja mwa ansembe a ku mishoni, amene anamubatiza dzina la Valério kuti apitirire makalasi, nakafika ku univesidade ya ku Lourenço Marques, kumene m'chaka cha 1972 ankaphunzira uinjinyeru wa magetsi. Pobwera ku feriya, tchuthi cha sukulu, anatsika komboyo, sitima ya pamtunda, pa Entre Lagos atavala nsapato zolira, ndipo anapeza kuti kwawo kunalibe kanthu kamene maphunziro akewo akanakakhudza: waya kunalibe, getsi kunalibe, ngakhale wailesi yakufa yoti aikonze. Munthu wophunzira amapirira njala ndi udzudzu, koma sapirira kukhala osaonedwa. Choncho anadula nsungwi yaitali, namangirira chitsulo chosongoka kunsonga, natsitsa waya wa mkuwa mpaka m'dothi, naiimika pambali pa nyumba ya amayi ake. Panalibe amene anamupempha.

Anthu atasonkhana kudzaona, iye anayamba bwino ndithu. Anati chitsulocho chimalandira mphenzi ndi kuitsitsira pansi. Amayi ake atamva kuti mphenzi izilandiridwa pakhomo pawo ngati mlendo, anagwira kumutu. Pofuna kuwatonthoza, ndiponso poona kuti choonadi sichikumukweza mokwanira, Waziri anasintha mawu. Anati chitsulocho chimaikana mphenzi, chimaithamangitsa.

"Ikathamangitsidwa pano ipita kwa yani, bwana injinyeru wa mumdima?" anafunsa Che Bwanausi, mwamuna wa Saumu, msodzi amene sankatha kuona munthu wovala nsapato osamuseka.

"Kwa amene alibe chitsulo, bambo aang'ono," anayankha Waziri. Anthu anaseka, iye naseka koposa onse, poganiza kuti wayankha ngati profesori.

Sabata yotsatira mphenzi inagwa pamtengo wa mango umene Che Bwanausi anabisalapo mvula akusoka ukonde, ndipo anamupeza singano ikadali m'manja.

Tsono tsiku la mkanganolo, Saumu asanathe kukuwa, panamveka belu la njinga. Anali Che Masudi, mlongo wa akazi awiriwo, mwini mbumba, amene ankayenda ndi nsomba zouma m'misika. Anatsamiritsa njinga pampanda, nakhala pachitsa, napukuta thukuta kwa nthawi yaitali monga amachitira munthu amene wanyamula mawu olemera.

"Ndachokera kutsidya kwa malire," anayamba. "Ndinakaombeza, ndipo sindinapite kwa munthu wamba. Akuti chitsulo pachokha chilibe maso. Chingaithamangitse mphenzi, koma sichingasankhe mtengo umodzi pakati pa mitengo yonse. Pali munthu amene anachiuza kolowera. Akuti ndi mkazi, ndipo anayamwa bere limodzi ndi wamasiyeyu."

Mpeni unagwa m'manja mwa Mwanahamisi.

"Achimwene, mukunena ine?"

"Sindinatchule dzina, achemwali. Koma amayi athu anabala akazi awiri okha. Tikatha sadaka ya malemu, mudzamange katundu wanu. Kumene mungapite ndi nkhani yanu. Ana a Saumu sangakule akuyang'ana kumwamba nthawi iliyonse mtambo ukada."

Waziri anatseka buku. "Amalume, chitsulocho ndinaimika ndine."

"Tikudziwa, mphwanga. Unaimika chifukwa amayi ako anakutuma."

"Sanandituma."

"Mwana wabwino amatero." Che Masudi anamukodola, napita naye kuseri kwa nkhokwe, natsitsa mawu. "Tamvera, iwe. Uli ndi mapepala a Azungu. Tikakukhudza ndi chala, mawa asipayo, apolisi a Azunguwo, ali pano. Ndiponso mbumba yonseyi ikuyang'ana iwe kuti udzatitulutse m'matope. Munthu wafa, ndipo anthu sagona mpaka wina asenze imfayo. Amayi ako ndi wamasiye, zaka zapita, sakupitanso kwina. Iwe werenga buku lako."

Chimene Waziri anamva mumtima poyamba sichinali mkwiyo. Chinali mpumulo, ngati wa munthu amene profesori wamudumpha pofunsa mafunso. Mkwiyo unabwera pambuyo pake, ndipo unapeza mpumulo utakhala kale pampando. Iye anadziona bwino lomwe: mnyamata wa nsapato zolira ataima kuseri kwa nkhokwe, akuyamika mumtima kuti amene adzathamangitsidwe ndi amayi ake.

Masiku otsatira anaona mmene mudzi umamuchotsera munthu asanachoke. Mwanahamisi akafika pachitsime, akazi ankanyamula mitsuko yosadzaza ndi kubwerera. Padoko asodzi ankati nsomba zonse zili ndi eni ake, mulu uli pamaso pake. Palibe amene anabweranso kudzapala moto. Koma Waziri akadutsa, amuna ankamulonjera ndi manja awiri: "Bwana injinyeru, mwadzuka?"

Anaganiza zopita ku Insaca kukadandaula kwa akuluakulu a boma. Koma inali nthawi ya nkhondo, ndipo iye ankadziwa kuti wopereka maina a anthu a kwawo nthawi ngati imeneyo sasankha chimene chidzawachitikire. Anaganizanso zowatenga amayi ake kupita nawo ku Lourenço Marques, kumene iye ankagona m'chipinda chimodzi ndi anyamata anzake ndipo chuma chake chonse chinali sutikesi. Potsiriza anasankha chida chimene ife ophunzira timachikhulupirira ngakhale chatigwetsa kangati: anati akawaphunzitsa.

Lachisanu, amuna atatuluka mumzikiti ndi kukhala pachisakasa, Waziri anafika ndi chipeso ndi tizidutswa ta pepala.

"Akuluakulu, mphenzi si chinthu chotumidwa," anatero. "Ndi mphamvu imene imasonkhana m'mitambo, ndipo ikachuluka imadumphira pa chinthu chachitali chimene chili pafupi. Mphamvu yomweyo ili m'tsitsi langa. Ndikapesa, chipesochi chinyamula mapepalawa osawakhudza. Penyani."

Anapesa, nayandikiza chipeso. Mapepala anakhala phee. Anapesanso mwamphamvu, mpaka khungu la pamutu linawawa. Mapepala sanasunthe. Amuna okalamba, zipewa zoyera kumutu, anangokhala akuonerera mwana wa Mwanahamisi akupesa tsitsi ngati mkwatibwi.

"Tsitsi lakhala bwino tsopano, bwana," anatero mmodzi mwaulemu wonse.

Waziri ankadziwa chifukwa chake: mpweya wa nyengo ya mvula ndi wonyowa, ndipo mphamvuyo imathawa isanasonkhane. "Lero nyengo siili bwino," anatero. Mawuwo asanathe kutuluka anazindikira kuti ndi omwewo amene woombeza amanena ula ukakana.

Shehe anakhosomola, nati zonse zimachitika mwa chifuniro cha Mulungu, koma ananena akuyang'ana pansi, ndipo palibe amene anaona ngati wanena kanthu. Che Masudi anatola kapepala kamodzi, nakatembenuza, nakataya.

"Watiuza kuti imadumphira pa chinthu chachitali," anatero. "Chitsulo chako ndi chachitali kuposa mango uja. Nanga inasiyiranji chitsulo?"

Yankho linalipo. Linali m'buku, m'mutu umene unali ndi zilembo za Chigiriki ndi mizere yokhotakhota. Waziri analifunafuna m'Chinyanja, nalisowa. Analifunafuna m'Chipwitikizi, napeza kuti ngakhale kumeneko linali ndi mabowo.

Atabwerera kunyumba anapeza amayi ake akusankha mbewu ya mpunga pa lichero, mbewu imene sankadziwa ngati adzaifesa.

"Ndamva kuti wakapesa tsitsi kumzikiti," anatero.

"Ndimafuna kuwaonetsa choonadi, amayi."

"Tandiuza ine choonadicho. Chitsulo chakochi chimagwira ntchito?"

Waziri anayang'ana nsungwi ija. Inali itayamba kupendama, ndipo mbalame zinali zitaipeza kuti ndi pabwino pokhala. "Sindikudziwa, amayi. Waya wake ndi wowonda, ndipo sindinakumbe mozama. Ndikuganiza kuti sichinaitane kanthu ndipo sichinathamangitse kanthu. Changoima basi." Kenaka anaonjezera: "Ezame, mayeso a phunziro limeneli, ndinalephera. Ndikabwerera ndikalembanso."

Mwanahamisi anaika lichero pansi.

"Ndiye unaimika pakhomo panga chinthu chimene unalephera?"

"Inde, amayi."

"Bambo ako akalephera kusema bwato, ankaliyesa okha pamadzi, osakwezamo ine." Anatolanso lichero. "Ine ndinabadwira m'nyumba imene inali pamene pali nkhokwepo. Amayi anga agona kuseri kwa bangolo. Ndikachoka pano, mudzi uti udzalandire nkhalamba imene yathamangitsidwa chifukwa cha mphenzi? Mbiri idzafika ine ndisanafike. Ndidzafera m'njira, mwanawe, ndipo sipadzakhala wondisambitsa."

Ananena zimenezi mosalira, akusankhabe mpunga. Waziri akanakonda kuti alire, pakuti misozi akanaipukuta, nadziona ngati wachitapo kanthu.

Tsiku la sadaka linafika. Mpunga unaphikidwa m'miphika ikuluikulu, mbuzi inaphedwa, mapemphero anawerengedwa, ndipo anthu anadya pabwalo la Saumu. Mwanahamisi sanaitanidwe. Anakhala pakhonde lake, mtolo womangidwa m'chitenje uli pambali, mkeka wopindidwa uli pamwamba pake. Anthu atasamba m'manja, Che Masudi anaimirira kuti atsirize nkhani.

Pamenepo panamveka kulira kwa nsapato. Waziri analowa pabwalo atavala jekete ndi tayi, buku lalikulu lija lili kukhwapa. Sanagwade, sanalonjere. Anaima pakati pa akuluakulu monga amaimira Mzungu.

"Woombeza wanu anaona theka," anatero mokweza. "Anaona mkazi, koma sanaone amene anayamwa bere la mkaziyo. Mukuti amayi anga anachiuza chitsulo kolowera? Adziwira kuti? Amayi anga akagwira tochi amaiyatsa ataloza m'maso mwawo. Chitsulo chija sichimva Chinyanja, sichimva Chiyao. Chimamva mawu a m'buku ili, ndipo m'dera lino wodziwa kuwawerenga ndine ndekha."

"Khala pansi, mphwanga," anatero Che Masudi. "Dzuwa lakuwomba."

"Mukuganiza kuti ku univesidade timaphunzira chiyani, amalume? Kupesa tsitsi? Za chipeso zija ndinachita dala kuti ndione ngati muli ndi maso. Kumeneko tili ndi chipinda chimene timasungiramo mphenzi. Timaidzutsa ndi chala, timaigoneka ndi chala." Anatsegula buku, nawerenga mokweza mawu oyamba amene maso ake anagwerapo: voltajemu, korente, rezistensiya. Akazi amene anali pafupi anakokera ana kumbuyo kwawo. "Che Bwanausi ananditcha injinyeru wa mumdima pamaso pa anthu onse. Ndinamuuza pomwepo kumene mphenzi idzapite. Munamva nonse, ndipo munaseka."

Waziri anayang'ana nkhope za anthu pabwalopo ndipo anaona chimene sanachionepo chibwerereni: onse ankamumvetsa. Palibe amene anafunsa funso. Masabata onse aja anawapatsa choonadi, iwo nachitembenuza ngati nsomba ya dzana. Lero wawapatsa bodza, ndipo alimeza ndi minga yomwe. Ili linali phunziro loyamba limene analiphunzitsa bwino pamoyo wake, ndipo mkati mwa mantha ake anadzigwira akunyadira pang'ono.

Kenaka Saumu anakuwa ali pakhomo pake. "Iwe! Ndinakubereka kumsana ine, amayi ako akudwala! Unkadya m'mbale imodzi ndi bambo ako aang'ono!" Mawu ake anasweka, ndipo akazi anathamangira kukamugwira. Kunyada kwa Waziri kunathera pomwepo.

Akuluakulu anapatukira pambali, nanong'onezana. Panalibe amene anafuna kugwira munthu wa mapepala a Azungu, ndipo panalibenso amene anafuna kukwiyitsa munthu wosunga mphenzi m'chipinda. Che Masudi anabwerera atakalamba m'kanthawi kochepa.

"Achemwali Mwanahamisi amasule mtolo wawo," anatero. "Tinawalakwira. Iwe uchoke ndi komboyo yoyamba. Usadzapondenso m'mudzi muno, ngakhale pamaliro a amayi ako. Ndipo chitsulocho uzule wekha, pakuti palibe amene angachikhudze."

Waziri anachizula yekha, mudzi wonse ukuonerera patali. Sichinavute. Anangochikankha ndi dzanja limodzi ndipo chinagwa.

M'mawa wa tsiku la komboyo anaona zimene ankafuna kuona. Mkazi wina anabwera kudzapala moto. Msodzi anasiya milamba iwiri pakhonde. Ndipo pampanda wa bango paja, amayi ake ndi Saumu anaima moyandikana, wina mbali ino wina mbali inayo, akulira pamodzi chapansipansi. Apo ndi pamene anazindikira kuti sangawauze amayi ake choonadi. Mwanahamisi sanabisepo kanthu kwa mng'ono wake chibadwire. Akangodziwa kuti mwana wake ananama, dzuwa lisanalowe adzakhala atanena pampanda pomwepo kuti amuyeretse, ndipo mlandu udzabwerera pamutu pawo.

Amayi ake anamuperekeza panjira ya ku Entre Lagos. Waziri anali patsogolo ndi sutikesi, amayi ake kumbuyo atasenza kamtanga ka chinangwa chophika ndi nsomba zootcha. Iye akachepetsa liwiro kuti amupeze, iwonso ankachepetsa. Akaima, iwonso ankaima. Poyamba anaganiza kuti ndi miyendo ya ukalamba.

Atafika pamene minda ya mudziwo imathera, Mwanahamisi anatula kamtanga. Waziri anatambasula manja kuti alandire, koma iwo anakaika pansi, pakati panjira, nabwerera m'mbuyo.

"Amayi," anatero.

"Nditakufunsa unati unalephera ezame," anatero Mwanahamisi, maso ali pa nsapato zake. "Ndinakhulupirira, ndipo ndinakumvera chisoni. Sindinadziwe kuti umandibisira kuti unakhoza."

Waziri anatsegula pakamwa. Mawu onse anali pomwepo, osavuta, a Chinyanja choyera, oyamba m'maphunziro ake onse amene akanatha kuwafotokoza popanda buku. Anawameza.

"Ndinakutumiza kusukulu kuti udzatiunikire," anapitiriza amayi ake. "Zimene akuphunzitsa kumeneko ine sindingaziweruze. Ndiwe mwana wanga, ndipo ndidzakupempherera kuti Mulungu akukhululukire. Koma ndikupempha chinthu chimodzi." Anakweza maso kwa nthawi yoyamba, ndipo mmenemo munali ulemu umene Waziri anaufunafuna feriya yonse. "Ine ndakalamba, pakamwa panga pamathamanga. Ndikadzakulakwira, mwanawe, udzandiuze ndi mawu. Usadzanditumizire."

Waziri anawerama, natola kamtanga kaja m'fumbi.

"Ndidzakuuzani ndi mawu, amayi," anatero.

Mwanahamisi anagwedeza mutu ngati munthu amene wapulumuka, natembenuka, nabwerera kumudzi kwawo mofulumira, osacheuka.